Khomo la Nyanja ya St Lucia: Chimene Chimabweretsa Nsomba m'Madzi Osaya a m'Mphepete mwa Nyanja Yamchere

Pa 6 Januwale 2021, makatapila anakumba ngalande pa mulu wa mchenga umene unali utatseka khomo la Nyanja ya St Lucia, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, ndipo madzi a m'nyanjayo anakumananso ndi a m'nyanja yaikulu ya Indian Ocean. Asodzi a mbedza, eni mabwato onyamula alendo ndi alimi a m'madimba oyandikana nawo anasangalala kwambiri. Patangopita masiku ochepa, akatswiri asanu ndi awiri a sayansi analembera kalata nduna yoona za chilengedwe pa nthawiyo, Mayi Barbara Creecy, kudandaula kuti ntchitoyo yasemphana ndi zimene kafukufuku wa zaka zambiri analangiza. Amene anamva nkhaniyi ali kutali anasokonezeka, chifukwa mbali zonse ziwiri zinkanena kuti zikufuna chinthu chimodzi, chomwe ndi nyanja yamoyo yokhala ndi nsomba. Kuti mkanganowu umveke, m'pofunika kudziwa kaye zimene zimachititsa kuti nsomba zipezeke kapena zisowe m'madzi osaya a m'mphepete mwa nyanja yamchere, chifukwa zimene asodzi amayang'ana m'mawa uliwonse asanaponye mbedza ndi zomwezo zimene akatswiri ndi alimi akulimbirana.

Madzi a pakati pa mtsinje ndi nyanja yamchere

M'magombe ambiri a dziko lapansi muli malo amene nyanja yamchere imalowerera kumtunda n'kupanga dziwe lalikulu losaya, ndipo mitsinje imathira madzi ake m'dziwemo isanafike kunyanja yeniyeniyo. Madzi a pamalo otere sakhala amchere ngati a m'nyanja yaikulu, komanso sakhala opanda mchere ngati a mumtsinje. Amasinthasintha malinga ndi mvula, dzuwa, mphepo ndi kukula kwa khomo limene limawalumikiza ndi nyanja yaikulu.

St Lucia ndi malo aakulu koposa a mtundu umenewu m'South Africa, ndipo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 240 kumpoto kwa mzinda wa Durban, kufupi ndi tauni ya Mtubatuba. Nyanjayi ikadzaza imakula kufika pa masikweya kilomita pafupifupi 350, koma kuya kwake, tikatenga avareji ya malo onse, sikukwana ngakhale mita imodzi. Ili ndi zigawo zitatu zikuluzikulu, zomwe ndi False Bay, North Lake ndi South Lake, ndipo kuchokera kumwera kwake kuli ngalande yachilengedwe yopapatiza, yotalika makilomita oposa 20, yotchedwa Narrows, imene imakafika kukhomo. Mitsinje ya Mkhuze, Mzinene, Hluhluwe ndi Nyalazi imathira m'nyanjamo chakumpoto ndi kumadzulo. Mtsinje waukulu kuposa yonseyi, wa Mfolozi, umafika kugombe pafupi penipeni ndi khomolo. Malowa analowa m'ndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse wa mgwirizano wa Ramsar mu 1986, ndipo mu 1999 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse. Masiku ano ali m'nkhalango yotetezedwa ya iSimangaliso.

Amene amaidziwa Nyanja ya Chilwa sangavutike kuimvetsa St Lucia. Zonse ziwiri ndi zotambalala koma zosaya, zonse zimavunduka ndi mphepo, ndipo zonse zimaphwa chilala chikakula, monga mmene Chilwa inaumira mu 1968 ndi mu 1995. Kusiyana kwake kuli pa kumene nsomba zimachokera. Matemba, makumba ndi milamba ya ku Chilwa imaswana komweko, ndipo nyanja ikauma imathawira m'madambo ndi m'maiwe a mitsinje monga Likangala ndi Domasi, n'kudzabwerera mvula ikagwa. Nsomba zimene asodzi amazifuna kwambiri ku St Lucia siziswana m'nyanjamo. Zimaikira mazira m'nyanja yaikulu, tiana take timalowa pakhomo tili tating'ono kosaposa chala, timakula m'madzi osayawo kwa chaka kapena zaka zingapo, kenako timatulukanso kukaswana. Choncho khomo likatsekeka kwa nthawi yaitali, nsomba zazikulu zimene zili m'kati sizingatuluke, ndipo tiana timene tili kunja sitingalowe.

Khomo, mchenga ndi mtsinje wa Mfolozi

Khomo la nyanja yotere silikhala lotseguka mpaka kalekale. Mafunde a ku gombe la KwaZulu-Natal ndi amphamvu, ndipo tsiku lililonse amakankhira mchenga pakhomopo. Chimene chimauchotsa mchengawo ndi madzi otuluka kuchokera kumtunda. Mvula ikagwa bwino, mitsinje imadzaza nyanja mpaka madzi amasefukira pamwamba pa mchenga, n'kuukokolola n'kutsegula njira. Chilala chikabwera, mafunde amapambana ndipo khomo limatsekeka. Kutseguka ndi kutsekeka kumeneku kunalipo kuyambira kale, anthu asanayambe kulowererapo.

Kale, Mfolozi ndi St Lucia zinali ndi khomo limodzi. Khomolo likatsekeka nthawi ya chilala, madzi a Mfolozi ankasowa kotulukira, choncho ankabwerera m'mbuyo kudzera mu Narrows n'kukadzaza nyanja ndi madzi opanda mchere pa nthawi imene inkawafuna kwambiri. Asanafike kumeneko, madziwo ankadutsa m'dambo lalikulu la gumbwa ndi bango, limene linkagwira matope ambiri. Kuyambira mu 1911, alimi a nzimbe anayamba kulima m'chigwa cha Mfolozi, ndipo pofuna kuti minda yawo isamamire, m'zaka za m'ma 1930 anakumba ngalande yodutsa pakati pa dambolo kuti madzi azithamanga kupita kunyanja. Mindayo inauma monga ankafunira, koma matope amene kale ankatsalira m'dambo anayamba kufika pakhomo, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 khomolo linali litatsekeka ndi matope ndi mchenga.

Mu 1952 aboma anaganiza zokumbira Mfolozi khomo lakelake chakumwera, kuti matope ake asamalowe m'St Lucia. Kuyambira pamenepo, kwa zaka pafupifupi 50, makina ankakhala akukumba pakhomo la St Lucia kuti likhale lotseguka, ndipo mchenga ndi matope amene ankakumbawo ankaunjikidwa pakati pa makomo awiriwo mpaka anasanduka chitunda. Anamanganso zipupa za miyala m'mbali mwa khomolo, koma namondwe Domoina anazikokolola mu 1984. Ambiri mwa anthu amene amakumbukira usodzi wabwino wa ku St Lucia amakumbukira zaka zimenezi, pamene khomo linali lotseguka pafupifupi nthawi zonse ndipo nsomba zinkalowa mwaunyinji chaka ndi chaka. Chimene sichinkaoneka msanga n'chakuti nyanjayo inali italandidwa gwero lake lalikulu la madzi opanda mchere.

Mchere

Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikulu imakhala ndi mchere wolemera magalamu pafupifupi 35. Muyeso umenewu ndi umene akatswiri amayerekezera nawo madzi ena onse. Dzuwa ndi mphepo zimachotsa madzi okha, mchere n'kutsala, monga mmene ndiwo zimawawira mchere msuzi ukaphwerera pamoto ngakhale wophika sanawonjezeremo kanthu. Ku St Lucia dzuwa limaphwetsa madzi oposa mita imodzi pa chaka, pamene nyanjayo kuya kwake sikukwana mita. Izi zikutanthauza kuti mitsinje ikaleka kuthira kwa zaka ziwiri kapena zitatu, zinthu zimafika poipa mofulumira kwambiri.

Pali njira ziwiri zimene chilala chimaonongera nyanja yotere, ndipo St Lucia inaziona zonse. Khomo likakhala lotseguka, madzi a m'nyanja yaikulu amalowa kudzalowa m'malo mwa amene aphwa, choncho nyanja siuma, koma madzi olowawo amabwera ndi mchere wina umene umaunjikana kumpoto, kutali ndi khomo. Zimenezi zinachitika pa chilala cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamene mchere kumpoto unaposa magalamu 100 pa lita. Ng'ona zina zinafa, ndipo zina zinasamutsidwa pa helikopita kupita kumene kunali madzi abwino. Khomo likakhala lotsekeka, mchere wina sulowa, koma nyanja imaphwa. Izi ndi zimene zinachitika khomo litatsekeka mu 2002: nyanja inaduka zigawozigawo, pofika mu 2006 gawo lalikulu kwambiri la pansi pake linali poyera, ndipo m'maiwe otsala a ku False Bay mchere unaposa magalamu 200 pa lita.

Nsomba imamva mchere m'thupi mwake. Madzi akakhala amchere kuposa magazi ake, amayamwa madzi a m'thupi mwa nsombayo, ndipo kuti isafe imayenera kumwa madzi ambiri n'kumatulutsa mcherewo kudzera m'ziwalo zake zopumira, ntchito imene imadya mphamvu zambiri. Nsomba za m'madzi a pakatiwa zinazolowera kusinthaku kuposa za m'nyanja yaikulu, komabe zambiri zimalephera mchere ukafika kuwirikiza kawiri wa m'nyanja yaikulu. Nthawi zambiri chakudya chawo ndi chimene chimayamba kutha: nkhono, nyongolotsi za m'matope, udzu wa pansi pa madzi. Nsomba imene inapirira koposa m'zaka zovutazo ndi imene akatswiri amaitcha Oreochromis mossambicus, yomwe anthu a ku Chigwa cha Shire amaidziwa kuti makakana kapena mphende. Inapezeka yamoyo m'madzi a mchere woposa magalamu 100 pa lita, ndipo popeza imaswana m'nyanja momwemo osadalira khomo, ndiyo inachuluka pamene zina zinkatha.

Kuchepa kwa mchere nakonso kumasintha nyanja. Madzi opanda mchere akakhalitsa, bango limamera m'malo amene munali mchenga, mitengo ya mangrove, yomera m'matope a madzi amchere, imene imafuna madzi okwera ndi kutsika imafota mizu yake ikamira kwa miyezi yambiri, ndipo milamba ndi makakana zimalowa m'malo mwa nsomba za m'nyanja yamchere. Nyanja yotere siinafe, ili ndi zamoyo zambiri, koma si nyanja imene msodzi wa nsomba za m'nyanja yamchere monga grunter amaifuna.

Mwezi, mphepo ndi matope

Khomo likakhala lotseguka, chinthu choyamba chimene msodzi amafunsa ndi nthawi imene madzi akwere. Mphamvu yokoka ya mwezi, mothandizidwa ndi ya dzuwa, imachititsa kuti madzi a m'nyanja yaikulu akwere kawiri ndi kutsika kawiri pa maola 24 ndi mphindi 50 zilizonse, n'chifukwa chake nthawi ya kukwera kwa madzi imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, mphamvu ziwirizi zimakokera kumodzi, ndipo ku gombe la KwaZulu-Natal kusiyana kwa madzi okwera ndi otsika kumafika pafupifupi mamita awiri. Mwezi ukakhala theka, kusiyanako kumachepa kwambiri. Asodzi a usipa a pa Nyanja ya Malawi nawonso amawerenga mwezi, koma iwo amawerenga kuwala kwake chifukwa cha nyali zawo, pamene kugombe la nyanja yamchere mwezi umasuntha madzi enieniwo.

Madzi akamakwera amaphimba mchenga ndi matope zimene zinali poyera, ndipo nsomba zimawatsatira kukadya. Pamenepa m'pamene nsomba yotchedwa spotted grunter imaonetsa luso lake. Imayenda m'madzi ofika m'mawondo kufunafuna timauna ta tizilombo tofanana ndi prawn (kanyama ka m'madzi ka chigoba, kachibale ka nkhanu) timene timakhala pansi pa mchenga. Ikapeza una, imazondoka mutu pansi, n'kupemerera madzi mwamphamvu m'unamo mpaka kachilomboko katulukira mbali ina. Ikamachita zimenezi mchira wake umatuluka pamwamba pa madzi n'kumagwedezeka, ndipo pansi pamatsala kadzenje ndi kamtambo ka matope. Msodzi wodziwa amayenda mwakachetechete, amaponya nyambo yake patsogolo pang'ono pa mchirawo, ndipo sagogoda bwato, chifukwa m'madzi osaya phokoso laling'ono limabalalitsa gulu lonse. Madzi akayamba kutsika, nsomba zimabwerera m'ngalande zakuya, ndipo nsomba zodya zinzake monga kob zimadikirira m'mphepete mwa ngalandezo kuti madzi aziwabweretsera tinsomba.

Ku St Lucia kukwera ndi kutsika kumeneku kumamveka mu Narrows mokha. Kukafika m'nyanja yeniyeniyo mphamvu yake imakhala itatha, ndipo chimene chimalamulira madzi ndi mphepo. Kuderali mphepo imaomba kawirikawiri kuchokera kumpoto chakum'mawa kapena kumwera chakumadzulo, motsatira kutalika kwa nyanjayo. Ikaomba tsiku lonse imakankhira madzi kumbali imodzi, moti kumene ikuchokera gombe limatsala poyera pamene kumene ikupita madzi amakwera. Pa nyanja yakuya ngati ya Malawi, mwera umautsa mafunde oopsa koma pansi pa nyanja sipagwedezeka. Pa nyanja yosaya, mafunde amafika pansi n'kuvundula matope, ndipo madzi amene m'mawa anali oyera amakhala ofiirira pofika masana.

Anthu ambiri amaganiza kuti madzi ovunduka ndi oipa kwa nsomba, koma kafukufuku amene Digby Cyrus ndi Stephen Blaber anachita ku St Lucia m'zaka za m'ma 1980 anaonetsa kuti mitundu ya nsomba imasiyana pa nkhaniyi, ndipo tiana ta mitundu yambiri timakonda madzi ovunduka. M'madzi otero timabisala kwa mbalame ndi nsomba zosaka ndi maso. Kob imasaka bwino m'madzi akuda komanso usiku, chifukwa imamva kugwedezeka kwa madzi ndi thupi lake. Nsomba zosaka ndi maso zimafuna madzi oyera. Motero funso lakuti madzi ali bwino lero kapena ayi lilibe yankho limodzi, limadalira nsomba imene munthu akufuna. Vuto limabwera matope akachuluka mopitirira, n'kukwirira udzu wa pansi pa madzi ndi mchenga umene tizilombo todyedwa ndi nsomba timakhalamo.

Kuzizira

Madzi osaya amatentha msanga ndiponso amazizira msanga, ndipo nsomba sizikhala ndi malo akuya othawirako. M'chilimwe, madzi otentha amasunga mpweya wochepa, makamaka m'bandakucha kukakhala bata. M'nyengo yozizira choopsa ndi mphepo yochokera kumwera. Mu 1976 nsomba zambiri zinafa ku St Lucia pamene madzi anazizira kufika madigiri pafupifupi 12 pa nthawi imene mchere unali wochepa kwambiri, ndipo nsomba zinafanso ndi kuzizira mu 1987. Nsomba ya m'nyanja yamchere ikhoza kupirira madzi opanda mchere, ikhozanso kupirira kuzizira pang'ono, koma ziwirizi zikabwera pamodzi thupi lake limalephera kusunga mchere wokwanira m'magazi.

Nsomba, asodzi ndi malamulo

Kuwonjezera pa grunter ndi kob, m'nyanjayi mumakulira mullet, imene imasonkhana m'magulu aakulu mu Narrows ikamapita kukaswana, ndipo ng'ona, nkhwazi ndi mbalame zina zodya nsomba zimaidikirira pamenepo. Mumakuliranso tiana ta shaki yotchedwa Zambezi, imene imatha kukwera mitsinje mtunda wautali. Ma prawn nawonso amalowa ali aang'ono n'kutuluka atakula, ndipo khomo litatsekeka mu 2002 usodzi wa ma prawn wa m'nyanja yaikulu ku Thukela Bank, kumwera kwa St Lucia, unalowa pansi kwambiri. Apa m'pamene pamaonekera kuti zochitika m'madzi osayawa zimakhudza ngakhale asodzi amene sanafikeko n'komwe.

Si mavuto onse amene amachokera ku khomo. Kob ya mtundu wa dusky imayamba kuswana itafika pafupifupi mita imodzi kutalika, ili ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo zaka zoyambazo imazithera m'madzi osaya ndi m'mphepete mwa gombe momwe mbedza zili zambiri. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti kob zoswana zinali zitatsala zosakwana 5 pa 100 zilizonse za mmene zinalili kale, ndipo mu 2000 boma la South Africa linalengeza kuti usodzi wa mbedza wa m'nyanja yamchere uli pa ngozi. N'chifukwa chake munthu wowedza mongosangalala amayenera kukhala ndi chiphaso pansi pa lamulo la 1998 la zamoyo za m'nyanja, ndipo kugombe la kum'mawa amaloledwa kutenga kob imodzi yokha pa tsiku, yosachepera masentimita 60, ndi ma grunter asanu osachepera masentimita 40, omwe saloledwa kugulitsa.

Koma kuzungulira nyanjayi kulinso midzi ya anthu amene nsomba kwa iwo ndi ndiwo ndi ndalama, osati masewera. Mabanja ambiri a kuderali anasamutsidwa mokakamizidwa m'nthawi ya tsankho kuti pakhale minda ya mitengo, nkhalango ndi malo oyeserapo zida zankhondo. M'zaka za m'ma 1990 aboma anayesa kulola midzi ina kutchera matchera mwa chilolezo, koma ndondomekoyo inadzaimitsidwa, ndipo kutchera mozemba kukupitirirabe. Oteteza chilengedwe amati matchera amagwira nsomba zosakhwima pamodzi ndi ng'ona. Anthu a m'midziyo amafunsa chifukwa chimene mlendo wobwera ndi bwato la injini amaloledwa kuwedza pamadzi amene makolo awo ankadyapo pamene iwo akuthamangitsidwa. Onse awiri akunena zinthu zoona.

Zaka khumi za mkangano

Khomo limene linatsekeka mu 2002 linatseguka lokha mu Malichi 2007, pamene mafunde aakulu obwera ndi namondwe Gamede anakumana ndi madzi okwera kwambiri. Nsomba ndi ma prawn zinalowa, koma pofika mu Ogasiti chaka chomwecho mchenga unali utatsekanso. Akatswiri ambiri anafika pogwirizana kuti nyanjayi singachire popanda madzi a Mfolozi. Mu 2012 oyang'anira iSimangaliso anasiya ndondomeko ya 1952 n'kulola kuti mtsinjewo ulumikizanenso ndi St Lucia, ndipo mu 2016 ndi 2017, ndi thandizo la thumba la ndalama zosamalira chilengedwe la Global Environment Facility kudzera ku World Bank, anachotsa gawo lalikulu la chitunda cha mchenga chija. Mfundo yawo inali yakuti khomo lisiyidwe lizitseguka ndi kutsekeka lokha.

Alimi a nzimbe a kampani ya Umfolozi Sugar Planters anakasuma kukhoti, ponena kuti khomo likatsekeka madzi amabwerera n'kumiza minda yawo, koma analephera mlanduwo ku khoti lalikulu ndiponso ku khoti la apilo mu 2018. Madzi a Mfolozi anadzazadi nyanja, ndipo ngozi ya kuuma ndi mchere wopitirira inachepa. Koma dambo limene kale linkasefa madziwo kulibenso, choncho matope analowa nawo n'kukhazikika kufupi ndi khomo ndi mu Narrows. Bango linamera, ngalande zina zinatsekeka moti mabwato a alendo sankadutsa, mitengo yambiri ya mangrove inauma, ndipo khomo silinatseguke kwa zaka zingapo. Alimi ang'onoang'ono a ku Sokhulu ndi madera oyandikana nawo, amene amalima mbatata, nthochi ndi ndiwo zamasamba m'chigwamo, anaona madimba awo ali m'madzi nyengo ndi nyengo.

Umu ndi mmene zinthu zinalili pamene makatapila anafika mu Januwale 2021. Ogwirizana ndi ntchitoyo ankati nyanja imene yakhala yotsekeka kwa zaka zambiri chonchi yasiya kugwira ntchito yake yolera nsomba, ndipo anthu sangadikire chigumula chimene palibe akudziwa tsiku lake. Otsutsa ankati kutsegula khomo madzi asanakwere mokwanira kumataya madzi opanda mchere amene nyanja yasunga movutikira, komanso madzi otuluka amakhala opanda mphamvu yokokolola matope, pamene mafunde amalowetsa mchenga wina. Khomolo linakhala lotseguka miyezi ingapo n'kutsekekanso chaka chomwecho. Gulu la akatswiri limene nduna inasankha linatulutsa lipoti lake mu 2022, ndipo silinapeze kuti kutsegulako kunaononga kwambiri chilengedwe pa nthawi imene linaunika, koma linati payenera kukhala mfundo zomveka bwino zonena nthawi imene khomo lingatsegulidwe ndi makina, ndiponso kuti anthu okhala m'derali azimvedwa. Mu Epulo 2022, mvula yamphamvu imene inagwa m'KwaZulu-Natal inadzaza nyanja ndipo khomo linatseguka lokha.

Mafunso amene adakalipo

Funso lalikulu ndi la matope. Ngati Mfolozi ndiye gwero la madzi amene nyanja ikufuna, komanso ndiye gwero la matope amene akuikwirira, kodi zigumula zachilengedwe zidzakwanitsa kuwakokolola, kapena adzaunjikana mofulumira kuposa mmene amachokera? Ena amati yankho ndi kubwezeretsa gawo la dambo lakale kuti lizisefanso madzi, koma malo amenewo lero ndi minda ya nzimbe ndi madimba a anthu, ndipo nkhani ya amene angasiye munda wake, ndi amene angamulipire, siinathe. Kukokoloka kwa nthaka kumtunda kwa mtsinjewo, kutali ndi nyanja, nakonso kuli m'kati mwa funso lomweli.

Pali funso la muyeso. Ngati khomo lingatsegulidwe ndi makina pa nthawi zapadera, kodi madzi ayenera kufika pati, nanga akhale atamiza minda kwa nthawi yaitali bwanji? Muyeso umene ungapulumutse dimba la mlimi wa ku Sokhulu ndi wotsika kuposa umene akatswiri amati ungakokolole matope, ndipo nyengo imene tiana ta nsomba timafika pagombe siyenderana nthawi zonse ndi nyengo imene minda imamira.

Palinso funso la nyanja imene anthu akufuna kubwezeretsa. Nyanja ya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, imene asodzi achikulire amaikumbukira, inali ndi khomo losungidwa ndi makina. Nyanja ya kale, chaka cha 1911 chisanafike, inali ndi dambo ndi mitsinje yosapatutsidwa, pamene lero madzi ambiri a Mkhuze, Hluhluwe ndi Nyalazi amathera m'madamu, m'minda yothirira ndi m'minda ya bulugamu. Kusintha kwa nyengo kukuwonjezera chikayiko china pa kuchuluka kwa chilala ndi zigumula zimene zikubwera. Ndipo ngakhale khomo litamatseguka pa nthawi yake, sizikudziwika ngati kob zotsala m'nyanja yaikulu zili zokwanira kudzazanso madzi osayawa ndi tiana, kapena ngati padzapezeka njira yogawira nsombazo imene anthu a m'midzi yozungulira nyanjayi angaione kuti ndi yachilungamo.